Mbande za Esinati zakwera galimoto

Penti yoyera ikadali m'zikhadabo zanga. Ndasamba ndi sopo, ndakhula ndi mchenga, ndayesa ndi palafini yemwe, koma ayi ndithu, yakana kuchoka. Mayi a kunyumba akuti ndiisiye, ichoka yokha zikhadabo zikamakula. Mwina akunena zoona. Koma sabata yonseyi ndikati ndigwire choko kapena cholembera ndikumayamba ndaona penti imeneyi, ndipo mtima ukumandiwawa.

Dikirani ndikuuzeni mmene inafikira m'zala zangamu.

Inu amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kale kuti ndine mphunzitsi kuno ku Lisungwi. Chimene mwina simudziwa n'chakuti Mulungu anandipatsa kadzanja kolemba bwino. Zikwangwani zambiri za magolosale apa, cha telala, cha kuchigayo, ndinalemba ndine. Pakakhala cholemba ndi penti anthu safunsa kawiri, amangoti kaitaneni aphunzitsi. Ndipo ine, kunena zoona, ndimanyadira.

Chiyambireni zipani zambiri, mabungwe akutipeza ngati ngumbi pa mvula yoyamba. Lina la mijigo, lina la mbuzi, lina lodzatiphunzitsa ufulu wathu. Chaka chino kunabwera la msatsimanga. Dzina lake sinditchula, poti amene ndakwiya nawo kwambiri si iwo.

Inde, msatsimanga womwewu. Womwe uja tinakula tikuuona kumanda, umene tili ana tinkatunga njere zake pa kaudzu n'kuyatsa ngati kandulo. Akuti njere zimenezi zikafinyidwa zimatulutsa mafuta oyatsira nyali ndi opangira sopo, ndipo ati ngakhale injini ya chigayo itha kuyendera mafuta omwewo m'malo mwa dizilo. Ndi mmene palafini wakwereramu, akanakana ndani? Anthu anapanga kalabu, nasankha a Chikopa kukhala wapampando. A Chikopa ndi munthu wabwinobwino, mkulu wa mpingo, wosamwa, wokonda chitukuko. Bungwe lija linabweretsa njere, machubu akuda apulasitiki ofeseramo, makheni awiri othirira ndi thumba limodzi la feteleza. Linalonjezanso kuti nazale ikachita bwino, makina ofinyira mafuta adzaikidwa konkuno.

Mu kalabumo munalowanso msuweni wanga Esinati, mwana wa malume anga. Amuna ake anatisiya zaka zitatu zapitazo, ndipo akulera yekha ana anayi ndi dimba la tomato ndi mpiru m'mbali mwa mtsinje wa Lisungwi. Iyeyu za mafuta analibe nazo ntchito.

"Ine za injini sindizidziwa, amuna anga," anatero tsiku lina. Amanditchula choncho mwa chisuweni, ngakhale pamaso pa mayi a kunyumba. "Chimene ndikudziwa n'chakuti mbuzi siidya msatsimanga. Basi."

Amene munalimapo dimba mwamva kale. Anthu akangokolola, mbuzi amazitayirira, ndipo zimathamangira kumene kuli zobiriwira. Chaka ndi chaka Esinati amadula minga yekha n'kutchinga dimba lake. Chaka ndi chaka chiswe chimadya mpandawo, ndipo zotsala anthu amasolola kukasonkhera moto. Chilimwe chathachi mbuzi zinalowa tsiku limodzi lokha iye ali kuchipatala ndi mwana, ndipo tomato wa miyezi iwiri anatha masana amodzi. Ndiye iye ankafuna mpanda wamoyo, woti abzale ndi mvula yoyamba, uzike mizu mbuzi zikadali pa chingwe.

Mwina mukuti, bwanji osangodula nthambi n'kuzika? Mitengo ya msatsimanga imene yatsala kuno ili kumanda. Kumanda sulowako ndi chikwanje ngati ukupita kudondo. Njere za bungwezi ndizo zinali mwayi wake.

Tsopano mverani za feteleza.

Mlangizi wa bungweli ndi mnyamata wophunzira, waulemu, koma amayenda ngati akuthamangitsidwa. Ali ndi makalabu ena ku Magaleta, ku Chifunga, mpaka ku Matope, onsewo pa njinga yamoto imodzi. Tsiku limene anabweretsa thumba lija sanazimitse n'komwe injini. Anangoti, "Mbande zikamera, muthire feteleza pang'ono m'chubu chilichonse." Fumbi koboo, wapita.

Pang'ono. Kodi pang'ono ndi wochuluka bwanji?

Palibe anafunsa. Anthu makumi awiri, akuluakulu a ndevu zawo ndi amayi olera zidzukulu, palibe ndi mmodzi yemwe anakweza mkono. Safunsa anadya phula, timauza ana athu. Koma ife tomwe kufunsa munthu wa pa njinga yamoto timakuona ngati kudzichotsa ulemu.

Komanso anthu anaona ngati akudziwa kale. Kuno muyezo wa feteleza timadziwa umodzi wokha, umene tinaphunzitsidwa kalekale: chotsekera cha botolo chodzaza, pa phando lililonse la chimanga. Ndi umenewo anatengera ku nazale. Kachubu kosaposa kapu ya tiyi, kambande ka masamba awiri, chotsekera chodzaza tho. Ena, pofuna kuti zawo zipose za anzawo, anathira ziwiri. Dothi nalo sanavutike nalo. Anangokumba katondo wofiira pafupi pomwepo, amene ukathira madzi amasanduka phala, dzuwa likawomba n'kuuma gwa. Ankati dothi lilibe kanthu, zonse achita ndi feteleza.

Esinati tsiku logawana fetelezalo kunalibe. Anali ku maliro ku Matope. Pobwera anapeza thumba lili pepuu, wotsala anthu atagawana kale kuti akasungire chimanga.

"Mwachedwa, mayi," anatero a Chikopa. "Muone mochitira."

Anaona mochitira. Anachita zomwe amachita chaka chilichonse pofesa tomato. Anakatapa dothi lakuda pansi pa mtengo wa nsangu, anakasenza mchenga kumtsinje, anakapala manyowa a mbuzi a chaka chatha, owola mpaka osanunkha. Anasakaniza ndi manja, n'kudzaza machubu ake mazana awiri, n'kuwandandalika kumapeto kwa nazale. Anzake ankamuseka. Wina anachita kutchula ngodya imeneyo kuti nazale ya amasiye, anthu n'kumafa nazo.

Sipanathe masabata atatu. Mbande za feteleza zinayamba kupsa m'mbali mwa masamba, kenako chikasu, kenako kugwa. Zimene zinapulumuka zinangoima zonyozoloka, kutalika ngati chala. Za Esinati? Abale inu, munayenera kuziona. Masamba otambalala obiriwira bii, tsinde lonenepa ngati pensulo. Anthu opita kumtsinje ankaima n'kumaloza.

Ndiye kunabwera uthenga woti Lachinayi kukubwera alendo, akuluakulu a bungwe, kudzayendera nazale.

Lachiwiri madzulo a Chikopa anafika kwathu atanyamula matabwa awiri ndi kachitini ka penti. Lina ndilembepo kuti NJIRA YAMAKONO: DOTHI NDI FETELEZA. Linalo, NJIRA YACHIKALE: DOTHI NDI MANYOWA. Ine ndinakondwa. Mumtima ndinati, eya, alendo akaone ndi maso awo, msuweni wanga atchuke. Ndinalemba mofatsa, mizere kuchita kuyeza ndi lula, chilembo chilichonse kubwereza kawiri.

Lachinayi ndinalawirira ku nazale, poti anandipemphanso kuti ndiyendetse mwambo. Ndinapeza pasesedwa, miyala ya m'mbali mwa njira yapakidwa laimu, zikwangwani zanga zakhomedwa kale. Koma nditayandikira ndinaima chilili. Pansi pa NJIRA YAMAKONO panali mbande zobiriwira zija, zitandandalikidwa bwinobwino. Pansi pa NJIRA YACHIKALE panali zopsa zija.

Mukudziwa, chubu si munda. Sichizika mizu pansi. Umangonyamula n'kukachiika kumene ukufuna.

"A Chikopa," ndinatero, "kodi zikwangwanizi mwasemphanitsa?"

"Sitinasemphanitse, aphunzitsi. Zili m'malo mwake."

"Koma izi ndi za Esinati."

"Ndi za kalabu." Anandikokera pambali n'kutsitsa mawu. "Taganizani, aphunzitsi. Anthu awa atipatsa feteleza wawo mwaulere. Mukufuna adzaone kuti feteleza wawoyo wapha mbande? Achita manyazi. Akachita manyazi akwiya, ndipo makina aja apita kwina. Mudzawauza chiyani anthu a kuno? Mlendo ndi mame. Pofika masana akhala atapita, machubu tibwezera m'malo mwake, palibe wafa."

Mlangizi anali pomwepo, akuyang'ana nsapato zake. Ndinamvetsa kuti nayenso ali ndi mantha ake: akafunsidwa kuti unawauza muyezo wanji, ayankha chiyani?

"Nanga Esinati ali kuti?"

"Tamupempha akaphikire alendo kuseri kwa tchalitchi. Amaphika bwino mayi uja."

Ndinayenera kuzula zikwangwani zanga pomwepo n'kubwerera nazo kunyumba. Zinali zanga, penti inali isanaumitsitse n'komwe. Sindinatero. Ndinakonza tayi.

Alendo anafika pa magalimoto awiri. Panali mzungu wa chipewa chachikulu ndi kamera, ndi mayi wina wochokera ku Lilongwe, wa magalasi, atagwira kope. Amayi a kalabu anaimba, anavina, nthungululu zinalira. Ine ndinalandira alendo ndi mawu okoma, monga mukundidziwira. A Chikopa anafotokoza mmene kalabu inatsatira malangizo onse, ndi mmene njira yachikale yagonjera poyera. Mzungu anajambula zikwangwani zanga, china ndi chinzake, ndipo ndinamva kukoma pang'ono. Ndikuvomera.

Koma mayi wa magalasi uja sanali wogona. Ananjuta, anatola chubu chimodzi cha zobiriwira, anapisamo chala n'kutulutsa kanthu kakuda kobulungira. Anakafikisa pakati pa zala, ananunkhiza.

"Kodi izi si ndowe za mbuzi?"

A Chikopa ndiwo anatipulumutsa. "Mbuzi za kuno zilibe mwambo, amayi. Zimalowa paliponse."

Anthu anaseka, kuseka kwa mpumulo. Mayi uja sanaseke. Anatembenukira kwa ine.

"Aphunzitsi, inu simungandinamize. Mbande izi zakula ndi feteleza?"

Maso onse anali pa ine. A Chikopa, mlangizi, amayi ovina aja thukuta lili kamukamu. Kuseri kwa tchalitchi utsi unkakwera, kumene msuweni wanga ankakazinga nkhuku ya anthu amenewa.

"Ndi feteleza, amayi," ndinatero.

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anawerama n'kulemba m'kope muja.

Ine, amene ndimakwapula ana a eni chifukwa cha bodza la pensulo.

Zotsatira zake sitinaziganizire ndi mmodzi yemwe. Alendo anakondwa kwambiri, moti anati mbande zokongola chonchi si zoti zione anthu a ku Lisungwi okha. Azitenga, akaonetse makalabu a ku Chifunga ndi ku Matope, anzathu akaphunzire ubwino wa feteleza, kenako akagawane zikabzalidwe kumeneko. Kodi a wapampando akuti bwanji? A wapampando akanati bwanji? Akananena kuti zili ndi mwini wake? Mwini wake uti, poti ndi za kalabu? Anati ndi ulemu waukulu kwa ife. Anachita kuthandiza nawo kukweza. Ndinawaona ndi maso angawa atakumbatira machubu asanu pamtima, nkhope ili gwa.

Mame aja anakamukadi pofika masana, koma anakamuka ndi mbande zomwe.

Esinati anatulukira magalimoto atanyamuka, ali ndi beseni la mbale zotsuka pamutu. Anayang'ana ngodya yake, mbee. Anayang'ana fumbi la magalimoto. Anatula beseni pansi mosapupuluma.

"Zanga zili kuti?"

A Chikopa, osamuyang'ana kumaso, analoza zopsa zija. "Mutha kutengako izo, mayi. Zina zikhoza kutsitsimuka."

Msuweni wanga sukulu analekera sitandade fili, koma kuwerenga amatha, pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Anaima kutsogolo kwa chikwangwani n'kuwerenga mpaka kumapeto. Njira yachikale, dothi ndi manyowa. Pansi pake timitengo touma.

"Dzanja ili ndikulidziwa," anatero. Anasenza beseni lake n'kumapita.

Tsono ndikufunseni, anzanga. Lachinayi lija tinanamiza ndani?

Mukati tinanamiza alendo, ndikukanirani. Alendo aja anadya nkhuku yawo, anakagona kwawo, mawa lake anadzuka bwinobwino. Mbuzi sizidzalowa m'dimba lawo. Koma zimene zinalembedwa m'kope muja sizithera m'kope. Zikatayipidwa ku ofesi, zikawoloka nyanja, ndipo zidzabwerera kuno ngati lamulo: manyowa ayi, thirani feteleza, taonani zithunzi za ku Lisungwi. Anzathu a ku Matope aona mbande zobiriwira zija, amva kuti ndi feteleza, ndipo atenga chiyani? Chotsekera cha botolo, chodzaza tho. Zawo zikapsa adzadziona ngati opusa ndi iwo, poti a ku Lisungwi zinawayendera. Ndipo tsiku la alendo likadzawafikira, adzayang'ana uku ndi uku kufuna Esinati wawo woti amutumize kukaphika.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti feteleza ndi woipa. Chimanga changa chomwe chimamudziwa. Mwina katsinidwe kochepa, m'dothi labwino losakaniza ndi mchenga, kakanathandiza mbande zija. Mwina ayi. Ine sindikudziwa, a Chikopa sakudziwa, ndipo ndikukayika ngati mlangizi akudziwa. Nazale ija inaikidwa kuti itiuze zimenezo. Ndipo inali itayamba kale kutiuza: kuti katondo yekha sakwanira, kuti muyezo wa chimanga si muyezo wa kachubu, kuti dothi la pansi pa nsangu ndi manyowa owola zimalera mbande popanda thumba lochokera kutali. Yankho linali m'manja mwathu, laulere, lopezedwa ndi mayi wa kwathu konkuno. Ife tinalitenga n'kulitembenuza chadodolido kuti mlendo asachite manyazi.

Ulemu wanji umenewu?

Khalidweli tikulidziwa kumene linachokera. Ine ndinayamba uphunzitsi nthawi ya chipani chimodzi. Akuluakulu akamabwera kudzayendera mbewu, tinkadziwa zochita. Munda wa m'mbali mwa msewu ndiwo unkalandira feteleza yense. Ana ovala zigamba tinkawaimika kumbuyo, onenepa kutsogolo. Kukhale njala yotani, woyankhula ankati kuno tikudya n'kutaya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma unkayerekeza kutchula nyererezo? Nthawi imeneyo panali chifukwa. Munthu unkatha kunena zoona m'mawa, madzulo abale ako n'kumafunsa kuti kodi wapita kuti.

Koma lero? Suja tinafola pa dzuwa kuvotera nyali ya zipani zambiri kuti pakamwa pathu patseguke? Lachinayi lija akanandimanga ndani? Panalibe wapolisi, panalibe wa chipani, panalibe wondilemba dzina. Panali mayi mmodzi wa magalasi amene anachita kundipempha kuti ndimuuze zoona. Anali atagwira umboni m'zala zake. Chimene chinkafunika n'kungoti inde, amayi, mwaona bwino. Lilime langa linakana lokha, ngati ng'ombe ya pangolo imene imakhotera njira yakale ngakhale mwini wake atasamuka.

M'minibasi timalankhula ndithu. Kumsika, pa bawo, timatukwana nduna zonse mmodzimmodzi, mpaka malovu kuuma. Ufulu umenewo taulandira ndi manja awiri. Koma atsike munthu m'galimoto atagwira kope, zonse zimathera pomwepo. Timayamba kuimba.

Si ku nazale kokha. Oyendera sukulu akamabwera timakabwereka mabenchi kutchalitchi, ana n'kukhala bwinobwino tsiku limodzi. Oyendera aja akalemba kuti mipando ilipo yokwanira. Chaka chamawa ife tomwe tili pakamwa yasa kudandaula kuti boma latiiwala, ana akukhala pansi. Likumbukira bwanji, poti tinaliuza tokha kuti tilibe vuto? Mjigo ukhale utafa miyezi isanu, tsiku la alendo wina amauthira madzi kukamwa kuti ulavule kamodzi pojambula. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, amatero akulu. Ife m'mimba mukutipota, koma tatsamira chitseko ndi msana, tikumwetulira pawindo.

Ndipo mwaona amene amalipira? Si wapampando. Si mphunzitsi wa tayi. Nthawi zonse amakhala munthu wonga Esinati, amene alibe mwamuna woti akamuyankhulire pabwalo, amene akhoza kutumidwa kukaphika osafunsa chifukwa. Mbande zija zikanakhala za a Chikopa, kapena za mwini golosale wina, mukuganiza kuti zikanasuntha osawapempha? N'chifukwa chiyani pa misonkhano yathu munthu wodziwa chinthu amakhala ali kuseri, m'maso muli utsi, pamene ife osadziwa tili kutsogolo ndi mapepala?

Inunso a mabungwe, mawu awiri. "Pang'ono" si muyezo. Zimitsani njinga, tsikani, tengani feteleza m'zala zanu muonetse anthu. Ndipo mukafuna kudziwa zoona, musatumize kalata sabata yathunthu musanabwere. Mukatero mumatipatsa nthawi yosesa. Bwerani Lolemba wamba, opanda nyimbo, opanda nkhuku, mukapeze nazale mmene imakhalira. Mukaona utsi kuseri kwa tchalitchi, pitani mukafunse amene ali kumeneko.

Koma ndisathawire kwa mabungwe. Iwo anafunsa. Amene anayankha ndine.

A Chikopa ndinakumana nawo Lachisanu kuchigayo. Aonda ndi tsiku limodzi. Akuti iwo ankangofuna makina abwere, anthu apeze mafuta. Ndikuwakhulupirira. Ndinawafunsa kuti makinawo akadzabwera adzafinya chiyani, poti mbande zamoyo zapita ndipo zotsala n'zopsa. Anangoti njere zatha, mlangizi akuti zina zidzabwera chaka chamawa.

Chaka chamawa. Mitambo yayamba kale kusonkhana ku mapiri a Neno, ndipo mvula yoyamba siidikira munthu.

Loweruka m'mawa ndinalandira zinthu ziwiri. Choyamba chinali kakalata ka mlangizi. Akuti alendo anayamikira kwambiri zikwangwani, ndiye ndilembe zina zisanu ndi chimodzi, mawu omwewo, za ku Magaleta, ku Chifunga ndi ku Matope. Penti abweretsa.

Ndikadali ndi kalatayo m'manja ndinamva odi. Anali Esinati. Kudzanja lina chikwanje, kukhwapa thabwa lakale, looneka kuti linali la chitseko.

"Mwadzuka bwanji, amuna anga?"

Mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinati ngati akunditchulabe choncho, ndiye kuti zatha.

"Ndabwera ndi ntchito," anatero, n'kutsamiritsa thabwa lija pakhonde. "Mundilembere chikwangwani."

"Cha chiyani, msuweni?"

"Cha kudimba. Mulembepo kuti MBUZI, PANO PALI MPANDA. Mulembe bwino ngati zija, ndi mizere yomwe. Ndikakhoma pakhomo pa dimba."

Ndinaseka. Ndinayesa ndi nthabwala zathu za chisuweni, ndipo ndinali wokonzeka kubweza ina. Koma iye sanaseke.

"Mukusekanji? Inu mukalemba, zinthu zimasanduka zoona. Manyowa anga anasanduka feteleza anthu akuona. Ndiye mbuzi zikawerenga dzanja lanu zibwerera."

Ndinasowa poyang'ana. Ndinayang'ana chikwanje, ndinayang'ana manja ake. Zipsera za minga ya chaka chatha zinali zisanapole bwino, ndipo anali paulendo wokadula ina.

"Esinati, ndikhululukire."

"Ndakhululuka," anatero. "Koma mbuzi sizidziwa zimenezo."

Anatsika pakhonde n'kulowera njira ya kudondo.

Kalata ya mlangizi ndayankha kuti ayi, afune wina. Zimenezo n'zosavuta, ndipo musandiombere m'manja. Inu mayi wa magalasi, ngati nyuzipepala ino imafika pa desiki panu, tsegulani kope lija pa tsamba la ku Lisungwi. Mphuno yanu siinakunamizeni, anakunamizani ndi mphunzitsi. Zinali ndowe za mbuzi, dothi la pansi pa nsangu ndi mchenga wa mumtsinje. Feteleza sanalowemo ngakhale kambewu kamodzi. Fufutani mzere umenewo. Ndipo ngati mbande zija sizinabzalidwe, zili ndi mwini wake. Galimoto imene inazitenga njira ikuidziwa.

Thabwa la Esinati likadali pakhonde panga. Ndikatuluka ndikulipeza, ndikalowa ndikulisiya pomwepo. Penti yotsala ndili nayo, bulashi ndili nayo, dzanja ndi lomwe lija. Inu amene munaimbapo nyimbo pamaso pa alendo mjigo uli wakufa, inu amene munanyamulapo benchi kuchokera kutchalitchi, tandiuzani: ndilembepo chiyani?